Galu wamkulu ndi wabwino ngati mungathe kumuletsa

Akuba akangodutsa m'dera, nkhani ya agalu imabuka pa gulu la WhatsApp la anthu okhala kumeneko. Wina amaponya chithunzi cha Boerboel ataima pakapinga, chifuwa chili tambalale, khosi losadziwika pothera. Wina amayankha kuti Rottweiler ndiye mathero. Wachitatu amabweretsa chigalu chaubweya cha ku mapiri a Caucasus chimene wachiona pa Facebook. Onse akufunsa chinthu chimodzi: wolusa kwambiri ndi uti? Ine ndakula ndi agalu, achikuda ndi achizungu omwe, ndipo ndimaona kuti funso limeneli ndi limene limagulitsa anthu galu wolakwika. Galu wolusa sasowa, ngakhale wa pamsika mutha kumulusitsa. Wosowa ndi galu wa makilogalamu 60 amene wayamba kale kuthamangira munthu, inu n'kutchula dzina lake kamodzi, iye n'kuima pomwepo.

Tawerengani anthu amene amafika pakhomo panu sabata imodzi. Mayi wa masamba ndi dengu pamutu, mnyamata wa makala, wowerenga mita ya madzi, ana a aneba amene mpira wawo wagwera mumpanda, apongozi ochokera kumudzi amene saona chifukwa choimbira foni asananyamuke, munthu wobwera ndi uthenga wa maliro mbandakucha. Ku famu onjezerani aganyu a nthawi yopalira ndi yokolola, abusa, amayi odutsa kanjira ka kudimba kamene kanalipo inu musanagule malowo. Onsewa amangoti "Odi!" kamodzi n'kukankha geti. Wakuba angabwere kamodzi pa zaka zingapo, mwinanso osabwera n'komwe, koma anthu awa ndi a tsiku lililonse, ndipo galu wanu ndi amene adzayambe kukumana nawo inu mukusamba.

Choyamba kusiyanitsa ndi ntchito, chifukwa kulondera ziweto ndi kulondera pakhomo si ntchito imodzi, ndipo agalu ake ndi osiyana kuyambira m'magazi mpaka kaleredwe.

Galu wa ziweto weniweni ndi wonga Kangal kapena Anatolian Shepherd, a ku Turkey, kumene akhala akuyenda ndi nkhosa kwa zaka mazanamazana kuziteteza ku mimbulu. Kuno kumwera kwa Africa anatchuka chifukwa cha Namibia. Bungwe la Cheetah Conservation Fund, lomwe lili pafupi ndi Otjiwarongo, linayamba mu 1994 kuweta agalu amenewa n'kumawapereka kwa alimi, pofuna kuti alimiwo aleke kupha akakwiyo, amphaka aakulu aja othamanga kuposa nyama zonse, amene ankawagwirira mbuzi. Kaleredwe kake ndi kamene kali ndi phunziro. Kagaluko kamabadwira pafupi ndi khola, kamapita kwa mlimi kali ndi miyezi iwiri kapena itatu, ndipo kamagona ndi mbuzi, kudzuka ndi mbuzi, kupita kubusa ndi mbuzi. Sakanyamula, sakalowetsa m'nyumba, ana sasewera nako. Kakakula kamaona mbuzi ngati abale ake. Chilombo chikayandikira, galuyo amaima pakati, n'kuuwa ndi mawu ake okuya aja, ndipo nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo popanda kulumana. Alimi ambiri amene analandira agaluwa ananena kuti ziweto zogwidwa zinachepa kwambiri.

Koma tisathamangire kuitanitsa Kangal. Ku Namibia mafamu ndi aakulu moti mbuzi zimayenda makilomita ambiri kutchire, nthawi zina popanda mbusa. Kwathu kuno mbuzi nthawi ya dzinja zili pachingwe kuti zisadye chimanga cha eni, chilimwe zimayendayenda m'mudzi momwemo, usiku zili m'khola. Galu amene mtima wake uli woyenda mtunda wautali n'kumathamangitsa chilichonse chachilendo, mukamuika pa maekala asanu ozunguliridwa ndi minda ya anthu, mudzakhala ku bwalo la amfumu mwezi ndi mwezi. Komanso mdani wathu ndi wina. Kakwiyo ndi nyama yamantha. Fisi, amene amavutitsa kumapiri a Dedza ndi Ntcheu ndipo amapezeka ngakhale mumzinda wa Lilongwe momwe, amafanana kulemera ndi galuyo kapena kumuposa, ndipo galu mmodzi akatuluka yekha kukalimbana ndi afisi angapo sabwerako. Kambuku ndiye amachita kusaka agalu ngati ndiwo. Pamenepa chimene chimapulumutsa mbuzi ndi khola lolimba, makamaka lam'mwamba lija alangizi a ziweto amalimbikitsa, ndi galu wogona pafupi nalo woti akadzutse anthu.

Chinanso chimene chimandisangalatsa n'chakuti ku Botswana, bungwe la Cheetah Conservation Botswana linayesa njira yomweyi ndi agalu wamba a kumidzi ya kumeneko, n'kupeza kuti akaleredwa ndi mbuzi kuyambira ali ana amagwira ntchitoyo bwinobwino, pomwe amadya zochepa ndipo amapirira kutentha. Ndiye ngati vuto lanu ndi la ziweto, musananyoze kagalu kofiirira ka kwa aneba kaja, kumbukirani kuti nako ndi mtundu. Akatswiri a ku South Africa amawatcha Africanis agalu achikuda a chigawo chathu chino, ndipo ali ndi chinthu chimene galu wochokera kunja alibe: makolo awo anapyola m'nkhupakupa, m'njala ndi m'dzuwa lomweli, ofooka n'kuthera m'njira.

Tibwere pakhomo tsopano, pamene ambirife tili.

Boerboel ndi amene ali pakamwa pa aliyense, ndipo m'pomveka. Ndi galu wa m'mafamu a ku South Africa, amene ankaweteredwa ntchito yomweyi yolondera nyumba ndi banja. Mtunduwu unatsala pang'ono kusokonekera ndi kusakanizika mpaka oweta ena anakhazikitsa bungwe lawo mu 1983 n'kuyamba kuyenda m'mafamu kusankha agalu oyenera. Wamphongo amapitirira masentimita 60 kutalika kufika paphewa, ndipo kulemera makilogalamu 65 kapena 70 si zachilendo. Ubweya wake ndi waufupi, ndiye nyengo yathu imamuyanja kuposa agalu a kumayiko ozizira. Boerboel wabwino sayendayenda, amakonda kukhala pamene pali mwini wake, ndipo ndi ana a m'nyumbamo amaleza mtima modabwitsa. Vuto ndi ana a eni. Ana akamasewera amagwetsana, amakuwa, wina amalira, ndipo galu sadziwa kuti ndi masewera. Amangoona kuti mwana wa pakhomo wagwetsedwa ndi mlendo. Galu wa makilogalamu 15 akalakwitsa chomwechi mumapita kuchipatala ndi bala la pamwendo. Wa makilogalamu 70 akalakwitsa, mutu wake uli pamsinkhu wa nkhope ya mwana wa sitandade 1. N'chifukwa chake dziko la Denmark mu 2010 linamuika pa mndandanda wa mitundu 13 yoletsedwa, pamodzi ndi Kangal ndi wa ku Caucasus uja. Sindikunena kuti iwo analondola, koma galu amene boma lina linachita kumukhalira pansi si wogula chifukwa choti mnzanu wa kuntchito ali naye.

Rottweiler, wochokera ku tauni ya Rottweil ku Germany kumene ankakusa ng'ombe za ogulitsa nyama, ndi wocheperapo pang'ono, wamphongo pafupifupi makilogalamu 50. Ndi wanzeru, amaphunzira msanga, koma amayesa mwini wake, ndipo akaona kuti pakhomo palibe wolamula amadzipatsa yekha udindowo. Ubweya wakuda umamuvutitsa padzuwa la Okutobala, ndipo tiana take timagwidwa msanga ndi parvo, matenda aja otsegula m'mimba mwa magazi amene amatha kupululutsa tiagalu tonse ta mayi mmodzi m'sabata imodzi.

German Shepherd, amene ambiri timangomuti galu wapolisi, ndi amene ine ndimamuika patsogolo pa nkhani yomvera. Mtunduwu anauyambitsa Max von Stephanitz mu 1899 kuchokera kwa agalu oweta nkhosa, ndipo cholinga chake chinali galu wogwira ntchito ndi munthu, womvera mawu. Wamphongo amalemera makilogalamu 30 mpaka 40, ndiye munthu wamkulu atha kumugwira pachingwe. Koma thupi lake silimvana ndi nkhupakupa zathu. Matenda a ehrlichia, amene amafala ndi nkhupakupa zofiirira zobisala m'ming'alu ya khola, amamugwira moopsa kuposa agalu ena, moti asilikali a America anataya agalu ambiri a mtunduwu ndi matenda amenewa pa nkhondo ya ku Vietnam. Galu amayamba kuwonda, nkhama kuyera, kenako magazi m'mphuno. Onjezerani ntchentche zoluma zimene zimadya nsonga za makutu ake oimirira aja mpaka kuchita zilonda, ndi vuto la mafupa a m'chiuno limene ambiri amabadwa nalo. Amene alibe mwambo wa dibi ndi mankhwala a nkhupakupa mwezi ndi mwezi, galu ameneyu amusiye.

Pali wina amene timamuiwala chonsecho ndi wa pafupi: Rhodesian Ridgeback, wa mzere wa ubweya woyang'ana kutsogolo pamsana. Malamulo a maonekedwe ake analembedwa ku Bulawayo mu 1922, ndipo mzerewo anautengera kwa agalu a anthu a mtundu wa Khoikhoi. Ndi wa makilogalamu 30 mpaka 40, wa ubweya waufupi, wopirira kutentha, wosauwa mwachisawawa, ndipo mlendo samukonda komanso samuthamangira kumuluma. Choipa chake ndi mtima wa ulenje. Akapanda kuzolowera nkhuku ali wamng'ono, simudzaweta nkhuku. Koma pa famu yokhala ndi malo othamanga, ameneyu kapena wosakanizika naye ndimamuona woyenera kuposa zigalu zolemera zija.

Za galu wa ku Caucasus sinditaya nthawi. Anaweteredwa mapiri a chipale. Kumutengera ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene kumatentha kupyola madigiri 40, ndi nkhanza chabe.

Nkhani imene ogulitsa sakonda kuikamba ndi ya mphika. Galu wa makilogalamu 65 amafuna chakudya cha m'matumba chija pafupifupi magalamu 700 patsiku, kutanthauza makilogalamu oposa 20 pamwezi. Mphamvu zimene thupi lake limafuna patsiku n'zofanana ndi za bambo wamkulu, ndiye kugula Boerboel kuli ngati kulandira mlamu wina pakhomo, wosalima, wosadya nkhwani, amene adzakhale nanu zaka 10. Wachikuda wa makilogalamu 20 amadya zosafika theka la zimenezo. Ambiri timaphika tokha, ndipo n'zotheka: mgaiwa kapena madeya, bonya kapena fumbi la usipa la kwa ogulitsa nsomba, mapazi ndi mitu ya nkhuku, zam'kati za ku butchala, masamba pang'ono, popanda anyezi chifukwa amawononga magazi a galu, ndiponso popanda mafupa a nkhuku ophika amene amasweka n'kubaya matumbo. Koma kagalu ka mtundu waukulu kamabadwa kosafika kilogalamu imodzi n'kufika makilogalamu 45 kapena kuposa chaka chisanathe. Mafupa okula mwa liwiro lotere akamangolandira mkute wa nsima ndi msuzi, miyendo yakutsogolo imapindika, ndipo nthawi zina siwongokanso. Kukanenepetsa kwambiri nako kumawononga mfundo za miyendo. Agalu opindika miyendo, a mutu waukulu ndi nthiti zowerengeka, amene timawaona kuseri kwa mageti m'matauni mwathu, ambiri anagulidwa ndi ndalama zambiri ndithu. Eni ake anawerengera mtengo wogulira wokha.

Mankhwala nawo amayenda ndi sikelo. Wa njoka zam'mimba, wa nkhupakupa, wogonetsa pochita opaleshoni, onse dokotala wa ziweto amayeza malinga ndi kulemera kwa galu. Agalu a chifuwa chakuya alinso ndi ngozi yawoyawo yotupa ndi kupotokola chifu akadya kwambiri nthawi imodzi kenako n'kuthamanga. Zikachitika, galu amafa m'maola ochepa ngati sanachitidwe opaleshoni, ndiye amene ali ku famu ya kutali ndi tauni aziwapatsa chakudya kawiri patsiku m'malo mwa chimbale chimodzi chamadzulo.

Tsopano pali chizolowezi chimene ndimadana nacho kuposa zonse. Munthu amagula kagalu, n'kukamangira kakhola ka malata kuseri kwa nyumba, n'kulamula kuti wina aliyense asakaone, asakagwire, katseguliridwe usiku wokha. Akuti kakazolowera anthu kadzakhala kopusa. Ena amafika pothira tsabola, chamba kapena mavu m'chakudya kuti kaluse. Chimene chimatuluka m'kakhola kameneko si mlonda, ndi galu wamantha amene sanaonepo mwana, njinga, mbuzi kapena munthu wa ndodo, ndipo galu wamantha amaluma chilichonse chimene sakuchidziwa. Tsiku lina m'mawa wina adzaiwala kukoloweka chitseko, ndipo woyamba kukumana naye sadzakhala wakuba. Boerboel kapena Rottweiler safuna kuphunzitsidwa kulondera. Zimenezo zimabwera zokha akamafika chaka ndi theka kapena ziwiri. Chofuna kuphunzitsa ndi chakuti ndani si mdani, ndipo nthawi yake ndi yaifupi, kuyambira sabata yachitatu mpaka cha m'ma sabata 14. M'masabata amenewo kagalu kaone anthu ambiri mmene mungathere pakhomo pomwepo: aganyu akupatse chakudya, agogo akasisite, ana akhale nako pamphasa munthu wamkulu ali pomwepo, kamve njinga yamoto, kaone nkhuku zikudya. Galu wodziwa mmene tsiku labwinobwino limakhalira ndi amene amazindikira msanga kuti munthu wokwera mpanda 2 koloko usiku si wa pano. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo galu wotereyu akauwa mumadzuka, chifukwa mukudziwa kuti sauwira mphepo.

M'miyezi yomweyo aphunzire mawu ochepa koma osaphonya: kubwera akaitanidwa, kukhala pansi, kusiya chimene wagwira, kuyenda pachingwe osakoka. Muyambe ali ndi makilogalamu 10, chifukwa akafika 50 ndiye adzakhala akukuyendetsani inu. Ndipo asamvere bambo okha. Pakhomo pambiri bambo amachoka m'mawa n'kubwera usiku, galu n'kutsala ndi mayi, ana ndi mnyamata wa ntchito amene amachita kumuponyera mbale ali patali. Ngati munthu amene amakhala pakhomo masana sangathe kulowetsa galuyo m'khola mlendo akafika, galuyo wakulira banjalo.

Tisadzinamizenso kuti kukula kwa galu kumaletsa wakuba wokonzeka. Mbava zodziwa ntchito yake sizilimbana ndi galu. Zimaponya nyama yothira tameki madzulo, n'kubwera pakati pa usiku, ndipo mankhwala amenewa amapha Boerboel mofanana ndi kagalu ka pamsika. Mukaona galu akutuluka dovu, akunjenjemera, akusanza mwadzidzidzi, thamangirani kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo, chifukwa pali jakisoni amene amatha kumupulumutsa mukafulumira. Galu woyendayenda m'mbali mwa mpanda usiku wonse ndi amene amatola nyama yotereyi. Wogona pakhonde pafupi ndi chitseko amavuta kumufikira, ndipo kagalu kakang'ono kaphokoso kogona m'nyumba ndiye sikafikirika n'komwe. Kuphatikiza awiriwa, wamkulu panja ndi kakang'ono m'kati, ndimakuona kwanzeru kuposa kuwonjezera chigalu chachiwiri.

Chiwewe sichisankha mtundu. Padziko lonse chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, pafupifupi onse atalumidwa ndi agalu, ndipo pafupifupi anayi mwa khumi alionse ndi ana. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20, chifukwa chipatala cha Queen Elizabeth chinkalandira ana ambiri odwala matendawa, amene akangoonetsa zizindikiro sachira. Galu wanu alandire katemera wa chiwewe akakwana miyezi itatu, n'kumabwereza monga a zaziweto akuuzirani, ndipo kapepala kake musunge pamalo odziwika. Tsiku limene adzalume munthu, funso loyamba kuchipatala ndi kupolisi lidzakhala la kapepalako. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 wolumidwayo asananyamuke kupita kuchipatala, ngakhale galuyo akhale wobayidwa.

Pogula, tiagalu ta m'mbali mwa msewu tija anyamata amatinyamula m'mwamba magalimoto akamadutsa ku Lilongwe ndi ku Blantyre tisiyeni. Tambiri tachotsedwa kwa mayi tisanakwane masabata 8, tilibe katemera, ndipo mtundu wake umasintha malinga ndi galimoto imene yaima. Pitani kumene kanabadwira mukaone mayi wake. Tsiku lina ndinaperekeza msuweni wanga kukaona tiana ta Boerboel kwa woweta wina kunja kwa tauni. Tiagaluto anatitulutsira pabwalo m'beseni, tonenepa bwino, tonyezimira. Kuseri kwa nyumba kunkamveka chitseko cha malata chikugubuduka.

"Achimwene, mayi wake tingamuone?" ndinafunsa.

"Aaa bwana, ameneyo musayandikire. Ngakhale ine pomupatsa chakudya ndimachita kukankha ndi mtengo. Ndi galu weniweni ameneyo."

Iye ankanena monyadira, ngati akutiwonjezera chifukwa chogulira. Msuweni wanga anali atanyamula kale kamodzi, kakumunyambita chala, ndipo ndinachita kumukoka malaya. Mtima wa galu umachokera kwa makolo, komanso masabata oyambirira kagalu kamaphunzira kwa mayi wake mmene angaonere munthu. Mayi wabwino amauwa mukamafika, mwini wake akalankhula n'kukhala chete, kukununkhizani, kenako n'kukagona poteropo akukuyang'anani. Muoneninso poyenda ngati sakutsimphina kapena kudumpha ndi miyendo yakumbuyo yonse pamodzi, chizindikiro cha chiuno chowonongeka. Pa tiana tomwe, musatenge kobisala pakona kapena kolumaluma tinzake mosalekeza. Tengani kamene kakubwera kudzakuonani, mukakanyamula n'kuphiriphitha pang'ono kenako n'kudekha.

Mukandifunsa kuti nditenge uti, banja lokhala pa puloti ya m'tauni, la ana aang'ono ndi alendo osatha, ndingaliuze German Shepherd wochokera kwa makolo athanzi, kapena wachikuda wamkulu bwino woleredwa pakhomo, ndipo mabungwe osamalira nyama monga LSPCA ku Lilongwe amakhala ndi agalu ofuna mabanja, obayidwa kale katemera. Ku famu, Ridgeback kapena wosakanizika naye pakhomo, ndi achikuda awiri okulira kukhola. Boerboel ndimamusiyira munthu amene ali ndi mpanda wa njerwa wopanda pobowoka, geti lokhoma, ndalama ya chakudya imene siidalira kuti fodya wagulidwa bwanji chaka chino, ndipo anawetapo kale galu wamkulu. Wamphongo ngati simukufuna kuweretsa muthenetseni akakhwima, pokambirana ndi dokotala za nthawi yake, chifukwa agalu aakulu sayenera kuthenedwa mafupa asanamalize kukula. Ndipo musanapereke ndalama, mukambirane kunyumba kuti inu mukapita ku maliro kumudzi kwa masiku anayi, adzamutsegulire ndi kumutsekera ndani.